Kuperekeza Apongozi ku Mdulidwe

Tinanyamuka ku Sangilo m'mamawa, ine ndi apongozi anga aamuna, a Mwafulirwa, omwe ndi msodzi. Ana awo aamuna onse ali ku Joni, ndiye ntchito yowaperekeza inagwera ine mkamwini, mphunzitsi wochokera ku Ntcheu.

Matenda a shuga ankawabweretsera zilonda kumaso kawirikawiri, mpaka khungu la kunsonga linathina. Mkodzo unkangodontha, ululu wokhawokha. Adokotala anali atanena kale kuti mankhwala ake ndi mdulidwe basi, koma iwo ankati kwawo kuno zimenezo sachita.

Kabaza anatitula pamsewu waukulu ndipo tinakwera minibasi yopita ku boma. Kondakitala anati mafuta akwera, tiwonjezere. Sindinalimbane naye, ndinkaopa kuti apongozi apezerapo chifukwa chotsikira. Pa Mlare anakwera mayi wina ndi dengu la usipa, n'kuwafunsa m'Chitumbuka komwe ankapita. Anayankha kuti akukagula ukonde.

Titafika pa Lupembe apongozi anapempha kuti ataye madzi. Analowa m'tchire n'kukhalitsa. Dalaivala analiza hutala mpaka kutopa, ine ndinamuuza kuti azipita. Apongozi anatuluka thukuta lili kamukamu, nanena kuti tibwerere kunyumba, munthu wa zidzukulu sangakavulire ana ogwira ntchito kuchipatala.

Mkamwini sakamba za kumaso ndi apongozi ake. Koma tsiku limenelo ndinakhala nawo pansi pa mtengo wa mango, maso ndili kumsewu, n'kuwauza kuti nanenso ndinadulidwa kuchipatala ndili wamkulu, nditakwatira kale mwana wawo. Ndinawauza kuti amabaya jakisoni wopha ululu, ndipo chilonda chimapola ukachisamala.

Kenaka anafunsa, "Nanga inu mumapita kunyanja ngati ine? Ndidzabwererako bwanji?"

"Ine si msodzi, bambo," ndinatero. "Koma mukapola mudzapalasa bwato. Mukabwerera lero, tsiku lina mkodzo udzatsekekeratu muli pakati pa nyanja."

Minibasi yotsatira anaiimitsa okha.

Kuchipatala anayamba awayeza shuga, ndipo mwamwayi shugayo anali wotsika bwino. Amene anatilandira anali bambo wa imvi wa ku Zomba, Chitumbuka chake chokhotakhota, moti apongozi anaseka koyamba tsiku lonselo. Atalowa, ine ndinakadya mbalagha, nthochi zophika ndi nyama, kunja kwa geti, koma sindinaimve kukoma.

Anatuluka dzuwa litapendeka, akuyenda pang'onopang'ono miyendo ili tang'a. Ndinawagwira mkono, iwo sanakane. Kale ndinkayesa kuti kulemekeza apongozi n'kukhala chete pamaso pawo; ndikanatero, bwenzi titabwerera pa Lupembe.

Tili pa depoti anandikoka malaya n'kunong'ona kuti mng'ono wawo wa ku Mlare nayenso amakhalitsa kutchire.

"Sabata yamawa mupite naye," anatero. "Kumuuza ndikamuuza ndekha."