Chitini cha Chimanga Chinandilanditsa Laisensi

Ndinalandidwa laisensi ya ukontilakita kwa miyezi isanu ndi inayi chifukwa chosalipira anthu amene anandithandiza kumanga nyumba. Wolakwa ndinali ine ndekha. Lero laisensiyo ndili nayo, ntchito ikuyenda ndipo pakhomo pali mtendere, koma inu owerenga, makamaka omanga ndi omangitsa, imvani mmene zinayendera.

Ndisanayambe zomangamanga ndinkatolera nkhani za nyuzipepala ku Chipata. Kumeneko ndinazolowera kuganiza kuti chimene sichinalembedwe sichivuta kukana. Maganizo amenewo ndinabwerera nawo kwathu ku Chadiza, ndipo ndi amene anandigwetsa.

Nyumbayo inali ku Zemba, ya mayi wina namwino wopuma pantchito: zipinda zogona zitatu, khonde kutsogolo, denga la malata. Tinasainirana kuti azilipira kanayi, pa maziko, pa mawindo, pa denga ndi pomaliza. Mayiwo sanachedwetsepo ngakhale tsiku limodzi.

Pamalopo madzi anali patali. Ankatunga pamutu amayi asanu ndi mmodzi, mtsogoleri wawo ali aNaphiri. Mchenga ankabweretsa aMbewe pa ngolo ya ng'ombe ziwiri. Tinagwirizana mtengo wa mgolo umodzi wa madzi ndi wa ngolo imodzi ya mchenga. ANaphiri atapempha kuti tilemberane, ndinawauza kuti pomanga pepala silikhalitsa, limanyowa. M'malo mwake ndinatenga chitini cha penti, ndinaboola kabowo pachivundikiro n'kuchimanga ndi waya. Mgolo ukadzaza, kapitawo wanga ankaponyamo njere imodzi ya chimanga. Ngolo ikatsitsa mchenga, nyemba imodzi. Chitinicho chinkagona kwa aNaphiri. Umu ndi mmene anthu akwathu amawerengera kuyambira kale, ndipo onse anakhutira.

Ndalama ya denga inabwera m'nyengo yokolola. Apa m'pamene ndinalakwa. Ndinatenga gawo la amayi a madzi ndi la aMbewe n'kugulira mtedza m'midzi ya ku Pembamoyo, poganiza kuti ndikaugulitsa ku Chipata ndibweza zonse m'masabata awiri, phindu n'kutsala. Koma ndinagula mothamanga, mtedza usanaume. Ndinausanja m'matumba m'chipinda chopanda mawindo, ndipo pokatsegula ndinapeza wachita chuku. Ndinaugulitsa motaya.

Ndalama yomaliza itafika, ndinathamangira kukalipira mwini sitolo ya simenti chifukwa iyeyo anali ndi buku lomwe ndinasainamo. Amayi a madzi ndi aMbewe ndinawauza kuti mawa. Mawa ameneyo anatenga miyezi inayi.

Iwo ndalamazo sankazifunira zachabe. Inali nthawi yosonkha ku kopaletivi kuti alandire feteleza mvula isanagwe. ANaphiri anabwera katatu ku Boma kudzandifuna, kawiri pa njinga yobwereka, kamodzi wapansi. Ulendo wachitatu sanakalipe. Anangoti, "A kontilakita, madzi athu ali m'khoma muja. Mutiuze tsiku, tikawafinyemo." Ndinaseka nawo, n'kuwapatsa ya njinga yobwererera. Ndinaona ngati nkhani yatha.

Atachoka kwa ine anapita kwa mwini nyumba. Mayiwo anatulutsa malisiti anayi osonyeza kuti anandilipira zonse, kenako analemba kalata yodandaula ku bungwe lopereka malaisensi kwa omanga. Ine sindinkadziwa kuti kusalipira okugwirira ntchito ndi okugulitsa zipangizo kungakhudze laisensi. Ndinkayesa kuti bungwelo limangoona ngati khoma laongoka.

Anatiitanitsa tonse. Akuluakulu atatu anakhala kuseri kwa tebulo, ine mbali iyi, amayi a madzi ndi aMbewe pa benchi. Atandifunsa, ndinayankha molimba mtima kuti palibe pepala lililonse losonyeza kuchuluka kwa zimene akunena. Pamenepo aNaphiri anamasula chitenje chimene anakulungiramo chitini chija, n'kuchiika patebulo. Waya anali womwe uja ndinamanga ine. M'mbali mwake munali dzina la kampani yanga, lolembedwa ndi dzanja langa.

Anadula waya n'kukhuthula. Kalaliki anawerenga kawiri: njere za chimanga 312, nyemba 41. Kapitawo wanga atafunsidwa anavomera kuti njere iliyonse anaponya ndi iye, ine nditalamula. Wapampando anandiyang'ana nati, "Bambo, lisiti ndi limeneli. Munangolilemba ndi chimanga."

 

Chigamulo chinali chakuti laisensi iimitsidwe, ndipo isabwerere ndisanalipire aliyense. Ndinagulitsa njinga yamoto, ndinawalipira onse pamaso pa kalaliki yemwe uja. Koma nthawi ya feteleza inali itadutsa. Chaka chimenecho ndinadutsa pamunda wa aNaphiri ndipo ndinaona chimanga chachikasu, chofika m'chiuno pomwe cha anzawo chinali chitapitirira munthu. Ndalama ndinabweza, koma zokolola zimenezo sindinathe kubweza.

Miyezi isanu ndi inayi ija ndinagwira chipande chomangira ngati mmisiri wamba pansi pa kontilakita mnzanga. Kumeneko ndinadziwa mmene Lachisanu limatalikira kwa munthu wodikira malipiro. Sindidandaula nayo nthawi imeneyo. Inandikonza.

Laisensi itabwerera, ntchito yoyamba ndinaipeza ku Zingalume, yachiwiri ku Zemba komwe kuja. Ndinapita ndekha kwa aNaphiri kukapepesa ndi kupempha kuti atungenso. Anandiyang'ana nati, "Chitini chilipo, achimwene. Koma chisamagonenso chodzaza." Tinagwirizana choncho.

Inu makontilakita anzanga, ndalama ya mwini nyumba ikalowa m'manja mwanu, dziwani kuti si yanu yonse. Muli ya wotunga madzi, ya woumba njerwa, ya mwini ngolo. Musaiyese mpamba wa geni ina, ngakhale mtengo wa mtedza ukome bwanji. Ndipo musasankhe wolipira poona kuti uyu ali ndi buku, uyu alibe. Inunso omangitsa, sungani malisiti anu, ndipo musanapereke ndalama yotsatira funsani anthu a pamalopo ngati analandira zawo. Funso limodzi limenelo likadandipulumutsa.

Masiku ano ndimalemba zonse m'buku, koma chitini sitinachisiye. Lachisanu lililonse, dzuwa likapendeka, aNaphiri amachikhuthula pa thumba la simenti, timawerengera limodzi, ndimalipira pomwepo. Akatero amakokolola njerezo n'kupita nazo kwawo. Amati nkhuku zawo zinazolowera, Lachisanu zimawadikirira panjira.