Khitchini Yopanda Utsi

Ndinatsimikiza zochoka ku Lichinga tsiku limene ndinakwera padenga la nyumba ina ya m'tauni kukatseka shamine, bowo lotulutsira utsi, yomwe ndinamanga ndi manja anga. Nyumbayo inali ya Mpwitikizi, koma ufulu utabwera boma linaikamo banja la mphunzitsi. Iwo anati bowolo likungolowetsa mvula ndi mphepo, ndiye ndiikepo lata, ndipsinje ndi mwala. Ndinatsika ndi manyazi ngati ndaba. Ntchito imene ndinaphunzira tauni ikadali kutchedwa Vila Cabral inali itatha, ndipo nkhondo inali itayamba kufika m'misewu yathu.

Ntchito yangayo inali yomanga malo a moto. Lareira ndi moto wa pabalaza, wokhala m'khoma, wongootha basi. Fogau ndi wophikira, wa njerwa, wokhala ndi chitsulo pamwamba. Zonsezi zimafuna shamine, njira yotulutsira utsi, ndipo luso lonse lagona pamenepo. Ukaphonya khosi lake, utsi umabwerera m'nyumba, eni ake n'kumakutukwana chaka chonse. Kuno kumazizira, mwezi wa Juni madzi a m'ndowa amaluma zala, choncho azungu ankandifuna. Koma kwathu ku Namacula, m'mphepete mwa tauniyo, mkazi wanga Alima ankaphika pa mafuwa atatu m'kakhitchini kaudzu, maso ali psuu, akutsokomola. Anzanga ankandiseka kuti ndimathamangitsa utsi m'tauni n'kukautsekera kunyumba kwanga.

Pamene ndinkamuuza Alima za ulendo wa ku Malawi, iye ankasankha nyemba. Ndinalonjeza kuti ndikangokhala chaka chimodzi, ndipo pobwera ndidzamuchotsa mu utsi.

"Chaka chimodzi," anatero osadzutsa mutu. "Chabwino, Che Saide. Mudzapeza Awetu atayamba kuyankhula."

Awetu ndi mwana wathu wamkazi. Ndinamusiya akukwawa, ndinadzamupeza akutunga madzi yekha, chifukwa chaka chimodzicho chinabala zina zisanu ndi ziwiri.

Ndinakwera koluna, magalimoto oyenda pamzere moperekezedwa ndi asilikali, mpaka ku Mandimba, kenaka ndinaoloka malire wapansi. Ntchito ndinaipeza pa esiteti ina ya tiyi ku Thyolo, kumene nyumba za mabwana zinali ndi moto wa m'khoma ngati wa kwathu. Manja anga ankadziwa zochita, koma pakamwa ndinayambanso sukulu. Kumeneko shamine ndi chumuni, fogau ndi sitovu, fogareru wophikira ndi makala ndi mbaula. Tsiku loyamba kapitawo anandifunsa kuti, "Achimwene, Shamine mukungomutchulayu ndi mlamu wathu?" Dzinalo linandikanirira, mpaka pochoka ankanditchabe Shamine.

Malipiro sanali onenepa, koma ankabwera mwezi ndi mwezi. Kumudzi sindinkatumiza ndalama, chifukwa m'masitolo a ku Lichinga munalibe choti ugule. Ndinkatumiza sopo, mchere, shuga ndi zitenje kudzera kwa wamalonda wina wa ku Mandimba. Zina zinkafika, zina zinkathera m'njira. Alima sadziwa kulemba, ndiye yankho linkabwera pakamwa pa wamalondayo, ndipo nthawi zambiri linali lalifupi: tili moyo. Ulendo wina uthenga unatalikirapo. Mudzi wa apongozi anga cha ku Muembe unali utatenthedwa, ndipo mayi ake a Alima anali atamwalira. Ndinatumiza shuga. Sindinapite, ndinkaopa msewu, ndipo patapita nthawi ndinayamba kuopa nkhope ya mkazi wanga kuposa msewuwo.

Kusungulumwa ndikunene mosabisa. Masana ndinkakonza moto wa anthu ena, madzulo ndinkabwerera m'kachipinda kamodzi momwe munali mphasa ndi mbaula. Ndinaphunzira kudziphikira. Lamulungu ndinkawotcha chimanga n'kumadya ndekha, ndikuyankhula Chiyao ndi makala kuti lilime lisaiwale. Kunalinso mayi wina wogulitsa makala amene ndinakhala naye kwa kanthawi. Zimenezo Alima anazimva ine ndisanafike, poti wamalonda uja sankanyamula sopo yekha.

Mtendere utabwera ndinanyamuka mwezi wa Meyi, nditasenza chitsulo cha fogau cha mabowo atatu. Chinali cholemera moti pagalimoto anachilipiritsa ngati munthu. Ndinkaganiza kuti ndi chimene chidzandiyankhulire.

Alima anandilandira bwino, ndipo ubwinowo ndi umene unandipweteka. Anandiyalira mphasa pakhonde, kundipatsa madzi osamba, kundiikira chakudya pandekha, monga achitira ndi mlendo amene mawa apitirira ulendo. Sanandikalipire, sananditumenso kanthu ngakhale kuwaza nkhuni. Ndinaona kuti pakhomo panga pomwe ndilibe malo, ndipo sindinkadziwa ngati ndidzakhalanso nawo.

Khitchini inali yomweyo, yakuda kuposa kale. Pamwamba pa mafuwa panali tsanja, ndipo pansi pa tsanjalo pankalendewera zisononkho za chimanga ndi makoko ake, zitada bii ndi mwaye. Chifuwa cha Alima chinali chikadalipo. Ndinamuonetsa chitsulo chija, ndikufotokoza mmene moto udzayakire popanda utsi.

"Chitsulo chabwino," anatero. "Koma khitchini yangayi muisiye momwe ilili."

Sindinafunse chifukwa. Ndinangoti ndi mkwiyo wa zaka zisanu ndi zitatu, ndipo mkwiyo umatha munthu akaona chinthu chokongola. Paja safunsa anadya phula.

Mu Juni, Alima ndi Awetu anapita ku Muembe kukaona manda a mayi ake ndi kuchita sadaka. Njira zinali zikadali zovuta, abale obalalika ankabwerera mmodzimmodzi, choncho anakhalako mpaka Seputembala. Ine ndinavula malaya. Ndinagwetsa tsanja, kupala mwaye wonse, kuzira makoma n'kupaka njereza. Ndinamanga fogau pakona, shamine n'kutulukira padenga, nditaizinga ndi lata kuti udzu usagwire moto. Zisononkho zija ndinadziwa kuti ndi mbewu, sindine mwana wa m'tauni. Ndinaziika m'thumba latsopano, kumanga pakamwa, n'kulisunga kuchipinda, poti ndinkaona kuti mbewu siyenera kukhala pauve.

Ntchitoyo inatuluka bwino kuposa zonse zimene ndinamangira azungu. Amayi oyandikana nafe ankabwera kudzasuzumira moto woyaka m'nyumba maso osawawa. Ine ndinkangoyendayenda pabwalo, ndikudziona ngati mlendo uja amabwera ndi kalumo kakuthwa.

Alima anafika masana, fumbi lili m'miyendo. Anatula katundu, n'kulowa m'khitchini. Fogau sanaiyang'ane n'komwe. Anayang'ana kudenga.

"Chimanga chili kuti?"

Ndinathamangira thumba lija monyadira. Nditamasula, munatuluka fungo la gaga wakale. Anankafumbwe anali yakaliyakali, ndipo chisononkho choyamba chimene anachigwira chinangoyoyoka ufa m'manja mwake. Anakhala pansi pomwepo, pakhitchini yoyera ija, n'kuyamba kusenda china, kenaka china.

Anandifotokozera mosakweza mawu. Mbewuyo anabwera nayo mayi ake ulendo wawo womaliza, mudzi usanapse, ndipo ku Muembe Alima anakapeza kuti palibenso amene ali nayo. Chaka chilichonse ankaidzala, n'kusankha zisononkho zabwino, n'kuzipachika pautsi, chifukwa nankafumbwe salowa m'chimanga chofuchirira. Nthawi ya nkhondo nkhokwe yapanja inali yongoitanira akuba, pamene zisononkho zakuda za kudenga palibe ankaziyang'ana kawiri. Ngakhale mwezi wotentha ankaphikira m'kati, chitseko chotseka, kuti utsi usasowe. Chaka cha njala iye ndi mwana anadya masamba a mbatata atakhala pansi pa chimanga chimenecho, osathyolako ngakhale chimodzi.

"Nkhondo sinaidye mbewu iyi, Che Saide. Njala sinaidye. Mukanangondifunsa."

Moyo wanga wonse ankandilipira kuti ndithamangitse utsi, ndipo sindinaganizepo kuti pali munthu amene angaufune m'nyumba. Chinandiwawa kwambiri n'chakuti kuyambira Meyi ndinkangosimba za ku Thyolo. Sindinamufunse ngakhale tsiku limodzi kuti iwo ankadya chiyani.

Masiku ano anthu a ku Assumane ndi kuno ku Namacula amandiitanabe kukawamangira fogau, ndipo ndimamanga. Koma ndisanasakanize dothi ndimayamba ndayang'ana kudenga, n'kufunsa mayi wa pakhomopo kuti pamwamba pa moto wake pamakhala chiyani. Amuna awo amadabwa kuti mesitiri, mmisiri wathunthu, akutaya nthawi ndi mafunso a kukhitchini.

Chimanga chija tinachisankha masiku atatu, njere imodziimodzi, tikuyang'ana ngati ili ndi kabowo. Zamoyo zinangodzaza kambale ka ndiwo. Alima anazimanga m'kansalu, n'kunena kuti akazipachika kukhitchini ya oyandikana nawo, kumene kukadali utsi. Mawu amenewo anandilasa. Mbewu ya apongozi anga inali kukagona kwa eni chifukwa pakhomo panga ndapakonza.

"Amayi a Awetu, dikirani mpaka mawa," ndinatero.

"Mafuwa anga munawataya kuti?"

"Ali pansi pa fogau. Ndinawaika m'maziko."

Anaika kansalu kaja m'chitenje chake.

M'mawa mwake ndinatenga hamala. Kumanga kunanditengera milungu itatu, kugumula sikunafike ndi masana omwe. Ndinatsitsa shamine, kutseka bowo la padenga ndi udzu, n'kufukula miyala itatu ija. Umodzi unali utang'aluka pang'ono koma unkaimabe. Ndinadula mitengo n'kumanganso tsanja. Alima anaika mafuwa yekha, akuwasuntha pang'onopang'ono mpaka mphika unakhazikika. Anakoleza moto ndi nkhuni zaziwisi dala, ndipo utsi unakwera n'kuyamba kudetsa njereza yanga. Anatsokomola, ine ndinatsokomolanso.

Kenaka anatulutsa kansalu kaja n'kundipatsira m'manja.

"Ndinu wamtali, pachikani. Pakati penipeni, pamene utsi ukudutsa."

Ndinapachika pamene anandilozera. Ndikutsika, iye anali atatembenukira kale kumphika.

"Mawa tikuyamba kusosa kumunda," anatero. "Khasu lanu lili kuseri kwa chitseko. Mpini ndinasintha kawiri."