Lole Sinachite Ngozi

Amuna anga oyamba anali munthu wouma manja kuposa aliyense amene ndinamuonapo, ndipotu ndakhalitsa padziko pano. Anabwera kuchokera ku Halale ali ndi chiphaso choyendetsera galimoto m'thumba, ndi ndalama zimene anasunga chifukwa chodya nsima ndi mchere wokha zaka zambiri. Atandikwatira anamanga nyumba m'mudzi mwathu, kufupi ndi Nsaru, monga amachitira mkamwini aliyense, koma khasu ankaliyang'ana ngati lawatukwana. M'malo mwake anagula lole yakale kwa mwenye wina wa sitolo pamsika, n'kumanyamula fodya ndi mtedza wa anthu. Munali m'zaka za Chitaganya, nthawi imene munthu wakuda wokhala ndi lole ankalozedwa ndi chala akamadutsa. Ine ndinkakhala kutsogolo, pambali pawo, ndipo sindibisa, ndinkadzimva.

Boma linkafuna kuti galimoto iliyonse ikhale ndi inshuwalansi. Ukamapereka ndalama chaka ndi chaka, galimoto yako ikapweteka munthu kampani ndiyo inkalipira wopwetekayo. Amuna anga ankadana nazo zimenezi koopsa. Ankati ndi msonkho wa zinthu zimene sizinachitike. Zikalata zake zinkafikira kwa mwenye uja, yemwe ankazitumiza kukampani ku Kabula, ndipo zonse zinali m'Chizungu. Iwo sankatha kulemba ngakhale dzina lawo, choncho wowerenga ndi wolemba ndinali ine. Ndinali nditafika Sitandade 5 kusukulu ya mishoni, ndipo m'mudzi monse munalibe mkazi wina wodziwa kugwira cholembera.

Nyengo yolipira ikayandikira, amuna anga ankakaswera pakhonde la sitolo ija tsiku lathunthu, kufunsa funso limodzimodzi: kodi palibe pochotsera? Mwenye uja anali munthu woleza mtima, ndipo ankawauza zonse zimene ankadziwa. Anati ukalipira za chaka chonse kamodzi amakuchotserako pang'ono. Ukalemba kuti woyendetsa ndi mmodzi yekha amachotsanso. Koma chachikulu chinali chakuti chaka chikatha osapempha kampani kuti ilipire munthu, amakuchotsera, ndipo chaka chotsatira amachotsa zoposa pamenepo. Ukangopempha kamodzi, zonse zija zathera pomwepo, uyambirenso. Amuna anga anachitcha chimenechi basela, ngati kamtedza kamene wogulitsa amaonjezera pamwamba pa mbale. Pofika chaka chachitatu ankakamba za basela kuposa mmene ankakambira za mwana wathu.

Ndinali ndi mlongo mmodzi yekha, wamkulu kwa ine. Bambo athu anamwalira ndili wamng'ono, ndipo alongo angawo ndiwo ankagulitsa fodya wawo n'kundilipirira sukulu, anthu akuwaseka kuti akutayira ndalama mwana wamkazi. Anakwatira cha kwa Kabudula, kumene nawonso anali mkamwini. Kumeneko ankawakonda chifukwa cha mapewa awo. Munda wa apongozi awo unkatha kugalauza anthu ena asanayambe n'komwe kusosa.

Tsiku lina m'mwezi wa Juni, fodya ali mkati mogulitsidwa, lole inanyamula mitolo ya kwawoko ndipo alongo angawo anakwera nawo. Mabuleki anali atayamba kale kuvuta. Ndinali nditanena kangapo, koma amuna anga ankati mwala ndi waulere, umapezeka paliponse. Pachitunda china lole inazima. Anauza alamu awo kuti atsike aike mwala kuseri kwa tayala, ndipo ali chiweramire, lole inabwerera m'mbuyo. Tayala linakwera mwendo wakumanja, kuyambira pakakolo mpaka pansi pa bondo. Ine ndinali kutsogolo. Ndinamva lole ikudumpha pang'ono ngati yaponda chitsa, kenako ndinamva mawu amene sindinkadziwa kuti munthu wamkulu angathe kutulutsa.

Kuchipatala cha mishoni anakhalako miyezi itatu. Mwendo sanaudule, koma unapola mopindika, phazi likuyang'ana kunja, ndipo sukanatha kunyamula thupi lawo popanda ndodo. Amuna anga anapita kukawaona kamodzi. Anatumiza mbuzi yachipepeso, yowonda, yokalamba, imene anaigula motchipa chifukwa mwini wake ankaopa kuti imufera. Kwa akuluakulu a m'mudzi anati nkhaniyi ikafika kuboma apolisi adzamanga onse awiri, woyendetsa ndi wopondedwa yemwe. Linali bodza, koma masiku amenewo ndani akanafuna kuyesa? Akuluakulu anadya mbuzi ija n'kunena kuti nkhani yatha pachibale.

Kuchipatala kuja kunali bambo wina wothandiza adokotala amene anawatsina khutu alongo anga. Anawauza kuti ngati lole ili ndi inshuwalansi, kampani iyenera kuwapatsa ndalama, bola mwini lole alembe kuti zinachitikadi. Nditapita kukawaona atatuluka, anandiitanira kuseri kwa nkhokwe, kutali ndi makutu a apongozi awo. Mvula inali pafupi ndipo munda unali usanakhudzidwe. Pamudzipo anthu anali atayamba kale kulankhula mokuluwika, kuti nsima siphikidwira munthu wongokhala pansi pa mtengo. Alongo anga anali atalingalira zonse. Anati akapeza ndalamazo agula ngolo ndi ng'ombe ziwiri, chifukwa ngolo munthu amayendetsa atakhala. Azinyamula chimanga ndi nkhuni za anthu, ndipo apongozi sadzakhala ndi chifukwa chowabwezera kwathu n'kuwalekanitsa ndi ana awo.

"Ndinu mumalemba zikalata za alamu," anatero. "Mukangolemba zimene munaona, basi."

Ndinawalonjeza, ndipo ndinkanena ndi mtima wonse.

Chikalata chachaka chinabwera patapita milungu iwiri. Tinakhala pakhonde masana, ine ndili ndi cholembera, amuna anga ali chiimire pamutu panga monga ankachitira nthawi zonse. Ndinkawerenga funso m'Chizungu, n'kulinena m'chilankhulo chathu, iwo n'kuyankha. Funso lina chapansi linali lalitali. Linkafunsa ngati m'chaka chimenecho galimoto inagunda kanthu, kapena kupweteka munthu, kapena ngati pali wina amene angadzafune kulipidwa chifukwa cha galimotoyo. Ndinalimva lonse bwinobwino. Koma nditakweza maso n'kuona nkhope yawo, pakamwa panga panatuluka kafunso kafupi.

"Akuti, kodi lole yachitapo ngozi?"

Amuna anga anaseka. Anatsika pakhonde, anaizungulira lole, akumenya ndi chikhatho pachitseko, pamatayala, pamatabwa a kumbuyo.

"Taonani nokha, amake mwana. Yaphwanyika pati? Yakalika pati? Achita ngozi ndi alamu anga. Lole sinachite ngozi. Lembani ayi."

Ndinawauza kuti Chizungu chake chikufunsa zoposa pamenepo. Anati iwo ayankha zimene ndawafunsa, ndipo akhoza kulumbira pamaso pa aliyense kuti sananame. Kenako anatsitsa mawu. Anati basela wa zaka zitatu sangathe chifukwa cha munthu amene sadziwa kuika mwala. Anati lole ili ndi matayala, ikhoza kugona kwina kulikonse mawa lomwe, ndipo ku Namitete ndi ku Kasiya kuli akazi ambiri amene angakonde kukhala kutsogolo.

Ndakhala ndikudziuza kuti ndinaopa chifukwa ndinali ndi mwana kumsana ndi wina m'mimba. Zimenezo n'zoona, koma si zonse. Ndinaganizanso za mpando wakutsogolo uja, ndi za akazi a m'mudzi amene akanandiseka pachitsime. Ndinaviika cholembera mu inki n'kulemba ayi, m'zilembo zokongola zimene alongo anga analipirira.

Titapereka chikalata kusitolo, mwenye uja anachiwerenga n'kuima pafunso lija. Nkhani ya mwendo anali ataimva, monga aliyense pamsikapo. Sanayang'ane amuna anga, anayang'ana ine, n'kufunsa ngati mayi ndamvetsa bwino funsoli. Ndinati ndamvetsa. Anapinda chikalata chija pang'onopang'ono, ndipo kuyambira tsiku limenelo ankandipatsa moni wapakamwa pokha.

Kampani inachotsadi. Amuna anga anasangalala ngati abadwanso, ndipo anachita chinthu chimene anali asanachitepo chikwatirire: anandigulira mphatso. Zinali nsapato zakuda zachikopa, zokhala ndi kalamba kapamwamba, nsapato zanga zoyamba chibadwire. Ndinazida, ndipo ndinazivala.

Alongo anga anatumiza uthenga kawiri kufunsa ngati kwabwera yankho. Ndinayankha kuti za ku Kabula zimachedwa. Mvula inagwa, anthu anabzala, anapalira, anabandira, munda wa apongozi awo ukulimidwa ndi akazi okhaokha. Chimanga chisanache, ankhoswe a kuchikazi anabwera kwathu n'kunena mwaulemu wonse kuti mwina ndi bwino munthu wathu adzapumulire kwa abale ake. Alongo anga anabwera pangolo ya munthu wina, ali ndi mphasa, bulangete ndi ndodo. Ana awo atatu anatsala kwa mayi awo, monga mwa mwambo wathu. Anawamangira kanyumba kumbuyo kwa nyumba ya mayi athu, pamalo poti akakhala pakhomo ankaona lole ikutuluka m'mawa uliwonse.

Mwina alongo anga sakanadziwa msanga, koma munthu wouma manja akapulumutsa ndalama sangathe kutseka pakamwa. Amuna anga ankadzitama paliponse, pamsika, pamowa, ngakhale pamaliro, kuti azungu a kampani amawalemekeza chifukwa lole yawo sinachitepo ngozi, ndipo zinalembedwa ndi akazi awo, amene amadziwa Chizungu kuposa akalaliki, alembi a kuboma aja. Mawu aja anayenda mpaka anafika pakanyumba kaja.

Linali Lamulungu m'mawa. Ndinkapita kutchalitchi, mwana kumsana, nsapato kuphazi, ndipo njira inkadutsa pakhomo pa alongo anga. Ndinagwada kuwapatsa moni. Anayang'ana nsapato zija nthawi yaitali.

"Kodi n'zoona kuti munalemba ayi?"

Ndinayamba kufotokoza za funso, za mmene linakhalira, kuti lole payokha sinaphwanyike. Ndinadzimva ndekha ndikulankhula mawu a amuna anga, ndipo ndinasiyira pakati.

"Ndimayesa anakunamizani," anatero. "Ndimayesa mwina Chizungu chinakuvutani, ndinakutulutsani msanga sukulu. Koma munamva, eti?"

Ndinati ndinamva.

Anagwedeza mutu n'kuloza kuphazi kwanga ndi ndodo. "Muziyenda nazo bwino nsapatozo. Mwendo wanga ndi umenewo. Pitani, akalaliki, mungachedwe kukapemphera."

Sindinafike kutchalitchi. Ndinabwerera, ndinavula nsapato zija n'kuziponya m'chimbudzi. Tsiku lotsatira ndinapita ndekha kusitolo, wapansi, kukapempha mwenye uja kuti tilembe kalata ina yonena zoona. Anandithandiza, ndipo tinaitumiza. Yankho linabwera patapita mwezi. Anati nthawi yodziwitsa kampani inadutsa kalekale, komanso ali ndi chikalata cha mwini galimoto chonena kuti palibe chimene chinachitika. Munthu wopwetekayo ngati akufuna akasume kukhoti. Alongo anga analibe mwendo wopitira kukhoti, analibe ndalama, ndipo mboni yawo ikanakhala mkazi amene analemba zinthu ziwiri zosiyana ndi dzanja limodzi. Chimene kalata ija inachita n'chakuti kampani inasiya kuchotsera.

Amuna anga atamva zimenezi anandiswa mlomo, anakweza katundu wawo m'lole n'kuchoka dzuwa lili pamutu, mudzi wonse ukuona. Ndinamva kuti anakwatira kwina cha ku Mpingu. Sindinalire, ndipo mpaka lero ndikamva fungo la petulo ndimalavula.

Ndinaganiza kuti popeza banja langa latha chifukwa cha iwo, alongo anga afewa mtima. Sanafewe. Anati ukwati unali wanga, ndinautaya ndekha, ndipo suwabwezera mwendo kapena ana. Anakhala zaka khumi ndi zinayi pakanyumba kaja, akuluka madengu ndi malichero. Mayi atamwalira, wowaphikira ndinali ine. Ankalandira mbale, ankadya, ankathokoza mwaulemu ngati mlendo. Akazi awo anakwatiwa ndi mwamuna wina, ndipo ana aja ankabwera mwa kamodzikamodzi, kenako anasiya. Pa zaka zonsezo sananditchulenso mlongo ngakhale kamodzi. Akafuna madzi ankati akalaliki, akafuna fodya ankati akalaliki, ndipo ndi mmene anandiitanira tsiku limene anamwalira, pofuna kuti ndiwatembenuze.

Dzina lija linakakamira. Ana a m'mudzi analitola, akamwini atsopano analipeza lilipo, ndipo amene ankadziwa kumene linachokera onse anapita. Masiku ano adzukulu anga akabwera ndi anzawo amanena monyadira kuti agogo athu ndi akalaliki, chifukwa anali mkazi woyamba kudziwa kulemba m'mudzi muno. Akandiitana choncho, ndimayankha.