Mbuzi Imene Amuna Anga Adasankha

Dotolo wa ku Ulongwe sadazungulire. Atatipatsa makumpirimidu a chifuwa chachikulu, adayang'ana ine m'malo moyang'ana wodwalayo, nati, "Mayi, mankhwalawa ndi aukali. Akapeza thupi lopanda chakudya amayamba kudya mwini wake. Bambowa azidya nyama, mazira, chilichonse chopatsa mphamvu." Amuna anga adangogwedeza mutu ngati akunena za munthu wina. Kazako wawo, jekete yopita nayo ku Misa, anali atayamba kale kuwakulira m'mapewa.

M'shapa, kaminibasi ka kwathu kuno, pobwerera ndidayamba kuyendera m'mutu zimene zinali pakhomo pathu. Nkhumba zidatha ndi chigodola chaka cham'mbuyo mwake, m'khola mutangomera chisoso. Nkhuku nazo chitopa chidasesa, n'kutisiyira tambala wokalamba amene ngakhale mphamba ankamudutsa osamuyang'ana. Ana adakula n'kupita kwawo kutali. Tidatsala awiriwiri ndi munda wa kachewere. Nyama yogula pa feira, msika waukulu wa ku Domwe, inkatheka mwa apo ndi apo, koma munthu sachira ndi apo ndi apo. Tidagwirizana kuti tikagulitsa kachewere tigule chiweto choti tizidya. Kugwirizana kwathu kudathera pomwepo.

Ine ndinkafuna mbira. Mnzanga woyandikana naye nyumba amaziweta m'kuzinya mwake mophikiramo, pansi pa thandala la mbale. Zimadya udzu, makoko a kachewere, masamba a nthochi. Sizifuna mbusa, sizifuna chingwe, ndipo kuswana kwake ungati zatumidwa. Koma ubwino wake weniweni ndi wakuti mbira imodzi ndi ndiwo za anthu awiri basi. Wapha m'mawa, masana mwadya, palibe mnansi wadziwa, palibe chotsala choti chiwole.

Nditawauza, amuna anga adatsokomola kaye mpaka misozi, kenaka adandiyang'ana cham'mbali.

"Mbira? Amayi, ine ndaphunzitsa katekisimu ku mishoni ya Fonte Boa mpaka imvi izi. Ana amene ndidawaphunzitsa pemphero lero ali ndi zidzukulu. Adzandipeze ndikukukuta khoswe wopanda mchira?"

"Khoswe ameneyo ndiye akudzutseni pamphasapo," ndidatero.

"Chiweto cha munthu wamkulu ndi mbuzi."

"Ukulu mukuunenawo mudzautapira nsima?"

Pakamwa panga anthu amapadziwa, ndipo tsiku limenelo sindidapasunge. Ndidawakumbutsa zimene ankazidziwa kuposa ine. Kwathu kuno mbuzi si ndiwo. Mbuzi ndi ya mlandu, ya ukwati, ya maliro. Ndani adaphapo mbuzi tsiku wamba chifukwa cha nkhuli? Ndipo ukapha, chikopa umayanika poyera, mudzi wonse wadziwa. Mwendo kwa apongozi, nthiti kwa anansi, mutu kwa wosenda. Chotsalacho ulibe jeleira, furiji yosungiramo, mawa chayamba kununkha. Wodwala adye tsiku limodzi, kenaka abwerere ku nyemba. Zonsezi ndidanena, zina mobwereza. Iwo anali munthu wosakweza mawu. Ankakusiya ulongolole mpaka malovu aume, kenaka n'kuchita zomwe adaganiza kale.

Tsiku la feira adadzuka okha, adavala kazako uja, adatenga njinga. Kupalasa sankathanso, ndiye ankangoikankha, akuima pachitunda chilichonse kuti apeze mpweya. Ine pambuyo, ndikung'ung'udza njira yonse. Titafika kumene amagulitsa mbuzi, munthu adasintha. Ankayasamulitsa iyi kuona mano, kugwira iyo pamsana, kutukula mchira wa inayo. Ndidaona katonde kena kofiira, konenepa kale, ndipo ndidati mumtima, bola aka, pofika Natale, tsiku la Khirisimasi, kakhala kali mumphika. Ndidawakoka malaya n'kuloza. Adakadutsa ngati sadakaone. Adaima pa msoti wakuda wa banga loyera pamphumi, waung'ono, miyendo yokhayokha.

"Iyi idzaswa," adatero. "Ana akewo ndiwo tidzadye."

"Ho! Ndiye tikadye chinthu chimene sichinalowe n'komwe m'mimba mwa make?"

Wogulitsa uja adaseka mpaka kugwira m'nthiti. Amuna anga adamwetulira, adalipira, adamanga chingwe. Pobwerera ine ndidakankha njinga, iwo adakoka mbuzi yawo.

Mvula itagwa chimanga n'kumera, mbuzi zonse zidayamba kumangidwa pazingwe monga mwa nthawi zonse, kuti zisalowe m'minda ya eni. M'mawa uliwonse amuna anga ankatuluka atafunda bulangete, kukazula chikhomo ndi kukachikhoma pena pamene pali msipu wabwino. Ankaipatsa gaga, ankaiwazira timchere, ankaithothola nkhupakupa ndi zala zawo. Ankayankhula nayo zimene ine sindinkamva. Mbuziyo idakula, ubweya n'kuwala, msana n'kudzadza. Iwo ndiye lamba ndinkachita kuwaboolera mabowo atsopano ndi msomali. Ndikanena zoti tiiperekeze kwa tonde wa anansi kuti itenge bere, ankati idakali yaing'ono. Ndikanenanso mwezi wotsatira, ankati tonde wa anansiwo ngwa mtundu woipa.

Makumpirimidu ankamwa mosaphonya, pamenepo sindingawanamizire. Ndikagulako nyama pa feira ankadya pang'ono, koma mlendo akangoti odi, mbale yonse inkapita kwa mlendoyo. Ndidatopa nazo. Ndidapita kwa mnzanga uja, ndipo iye osafunsa zambiri adandiphera mbira yonona, adaiwawula bwinobwino, ndidaibisa m'kapulana yomwe ndidafunda. Ndidaidula tizidutswa ting'onoting'ono, ndidakazinga ndi anyezi ndi tomato. Fungo lake lidadzadza bwalo lonse.

"Lero kuli chiyani?" adafunsa akusamba m'manja.

"Nkhunda. Andipatsa anzanga."

Adatema mbamu, adanyika mumsuzi, adameza. Adabwerezanso. Mtima wanga udayamba kukhala pansi. Kenaka adatola kafupa kena, adakatembenuza, adatolanso kena, adaziyala pamphepete pa mbale.

"Amayi, nkhunda imeneyi inali ndi miyendo ingati?"

Adakankha mbaleyo mwaulemu, osakwiya, nati ngati nyemba za dzulo zidatsalako ndiwatenthetsere. Ndidapita kuseri kwa nkhokwe kukalira. Kudali kulira kwa ukali, kofuna kuswa chinthu.

Natale itayandikira ndidati basi, zakwana. Mkazi sapha mbuzi, ndiye ndidapita kwa mlamu wanga, mng'ono wawo wa amuna anga, ndidamuuza abwere ndi mpeni. Adabwera m'mawa ataunola. Amuna anga atamuona adamuitanira m'nyumba, adatseka chitseko. Ine panja ndidali nditateleka kale madzi. Adakhalitsa m'menemo, akuyankhula motsitsa. Mlamu atatuluka, mpeni unali utabwerera m'thumba.

"Alamu, mbuzi ya munthu siiphedwa mwini wake atakana."

"Ndiye mukudikira chiyani? Mukudikira afe?"

Adayang'ana pansi, adatenga njinga yake, adapita. Ndidamutsanzika ndi mawu amene sindingalembe pano. Natale ya chaka chimenecho tidadya mpunga wa nyemba, mbuzi ikubzikula pamthunzi wa pichesi.

Kenaka idafika Kwarezima, nyengo yosala nyama Pasaka isanafike, ndipo munthu wanga adapeza pobisala pabwino. "Nyengo ino Mkhristu sakamba za nyama, amayi." Ndidati ngakhale abambo a ku mishoni amamasula odwala, adati iwo sadapemphe kumasulidwa. Pasaka itafika sankathanso kufika pachikhomo cha mbuzi. Ankakhala pakhonde atatsamira khoma, n'kumandilozera ndi chibwano poti ndikaimange. Ine wodana nayoyo ndidasanduka mbusa wake. Ndinkaikoka mwankhanza, ndikuitukwana, iyo n'kumandinyambita dzanja kufuna mchere.

Adamwalira nyengo yachisanu, chimanga chitalowa m'nkhokwe. Unali m'mawa, ine ndikuphika phala. Ndidalowa nalo m'nyumba ndikuwuzira kuti lizizire, ndidapeza atapita.

Maliro kwathu kuno ali ndi eni ake. Adzukulu, anthu okumba manda ndi kunyamula bokosi, sagwira khasu ndi njala, ndipo nsima yawo siipita kumanda ndi masamba okha. Pakhomo pakasowa ndiwo, achibale amayenda nyumba ndi nyumba kupempha, ndipo nkhani yake imakambidwa mpaka kale, akuti kwa auje adaika munthu ndi nkhwani. Ine zimenezi sindinkaziganiza n'komwe. Ndinali pamphasa m'nyumba, pakati pa amayi a mpingo, mutu uli zii. Kenaka ndidamva mbuzi ikulira kuseri, kulira kumodzi kwakutali, n'kuduka.

Ndidadzambatuka. Amayi adandigwira, koma ndidafika pakhomo. Mlamu anali akubwera, manja atasamba kumene. Adanjuta patsogolo panga.

"Ndani wakuuzani?" ndidakuwa. "Mwini wake ali moyo mudakana. Lero ndani wakuuzani?"

"Eni ake, alamu," adatero motsitsa. "Tsiku lija ndidabwera ndi mpeni. Adati, 'Mankhwala ndikumwa, koma thupi langa ndikulimva ndekha, nyama siindibweza. Mbuzi iyi ndidagulira adzukulu. Mlamu wakoyu ngwapakamwa, koma ngwamanyazi. Asadzayende khomo ndi khomo kupempha ndiwo ine nditagona m'nyumba.' Adandilumbiritsa kuti ndisakuuzeni."

Ndidakhala pansi pakhomo pomwepo. Ndiye kuti pa feira paja, poyang'ana mano ndi kugwira misana, munthu ankasankha ndiwo za pamaliro ake, ine ndili pambali pake ndikulozera katonde ka Natale. Gaga yense uja, mchere uja, kutuluka m'mame kuja atafunda bulangete. Mayo ine!

Anthu amene adamva adati anali mwamuna wanzeru, wokonda mkazi wake. Sindikukana. Koma amuna angawo adandifunsa? Ndani adawauza kuti ine ndinkaopa manyazi kuposa umasiye? Ndikadayenda mudzi wonse chogwada, mpaka ku Domwe, kupempha ngakhale mapazi a nkhuku, bola ndikadakhala nawo dzinja lina limodzi. Ngati nyama ikadawachiritsa kapena ayi, ine sindidziwa, ndipo palibe angandiuze. Chimene chimandiwawa n'chakuti nkhondo imene ine ndinkamenya tsiku ndi tsiku, amuna anga anali ataisiya kalekale osandiuza.

Adzukulu adadya kumanda, ndipo dzuwa litapendeka adabwera kudzatenga bokosi. Iwo pamaliro amaloledwa kunena chilichonse, ngakhale chopweteka, ndipo namfedwa sayenera kukwiya. Ndi ntchito yawo kupeputsa mitima ya anthu. Atalinyamula, wina wa iwo, milomo ikadali yonyezimira, adakweza mawu.

"Koma akatekisita ankadziwa kuweta, anthuni! Mbuzi mafuta okhaokha. Ija ndiye idatilemera popachika. Eni akewa ndiye ayi, mtolo wa mapesi!"

Anthu adaseka, monga mmene amayenera kusekera. Ena adandiyang'ana kudikira kuti pakamwa paja patuluke kanthu. Sipadatuluke kanthu, chifukwa mnyamatayo sadaname.

Titabwerako kumanda, mnzanga wa mbira uja adakhala pafupi nane n'kuika kambale pamiyendo panga. Munali chiwindi cha mbuzi ija, chimene adandisungira poti ndine mwini khomo. Adati kuyambira dzulo sindidalawe kanthu, ndidye ndisagwe. Ndidakana, adakakamira, ndidatola nthuli imodzi n'kuika mkamwa. Inali yofewa, yokoma kwambiri. Ndidaitafuna misozi ikugwera m'mbale, ndipo mpaka lero amuna anga sindidawakhululukire.