Mazira a Tukiya

Exildah Njobvu anachoka kumudzi ku Katete atakwatiwa ndi Philimon, wowotcherera zitsulo kumashopu a njanji ku Kabwe. Anakhala ku Kasanda, m'nyumba yakale ya pamgodi yomwe apongozi ake anasiya. Kuseri kwake kunali kadimba ka repu ndi tomato. Sabata loyamba lomwelo amayi anzake a kutchalitchi anamuuza kuti dothi la kuno lili ndi mtovu wotsala ku mgodi, ndipo umalowa m'magazi a ana.

Atabadwa Tukiya, mantha a Exildah anakula limodzi ndi mwanayo. Mphepo ya Ogasiti ikayamba kunyamula fumbi la pamilu ya mgodi, ankatseka mawindo. Ankawaza madzi pabwalo asanasese. Ana a anzake ankagubuduka pansi, koma Tukiya ankasewera pamphasa, m'manja mosambitsidwa.

"Amake Tukiya," anansi ankamuseka, "mwana wanu ni wagalasi kansi?"

Tukiya atayamba kuyenda, Exildah anapita naye kumudzi kukamuonetsa. Amayi ake a Exildah anagwira msoti wamawanga, naumanga miyendo, nauika m'manja mwa mdzukulu wawo. Kwawo mwana wofika koyamba sabwerera chimanjamanja. "Nkhuku iyi si yanu," anauza Exildah. "Musaigulitse, musaphere mlendo. Ndi ya mwana."

Msotiwo unaikira, unaswa, nkhuku zinachuluka. Exildah anaziweta monga kwawo. M'mawa ankazitsegulira kuti zikadzifunire. Akazula repu wakale ankazilowetsa m'dimba, zipalase, zitole mbozi ndi chiswe, zisiye zitosi. Masana zinkasamba fumbi pansi pa mango. Repu wake ankabiriwira mpaka m'nyengo yozizira. Mazira onse anali a Tukiya, limodzi m'mawa uliwonse. Philimon akatambasula dzanja, mkazi wake ankakoka mbale.

"Atate ake Tukiya, kodi inu munapatsidwa nkhuku?"

Mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, azachipatala anabwera kudzayeza magazi a ana. Exildah anaima pamzere mtima uli m'malo. Nesi anamuitanira pambali.

"Khalani pansi, amake mwana. Mtovu wachuluka."

"Koma sasewera pansi, sisita! Funsani aliyense."

"Amadya chiyani?"

"Amadya bwino. Dzira tsiku lililonse, la nkhuku zathu."

"Nkhukuzo zimadya kuti?"

Exildah anaona m'maganizo dimba lake, ndi milomo ya nkhuku ikujompha pansi.

"Nkhuku imameza dothi pamodzi ndi chimene yatola," anatero nesiyo motsitsa mawu. "Sindikunena kuti ndi mazira okha. Koma lekani kumupatsa. Mubwere naye mvula ikagwa, tidzayezenso."

Kuyambira tsiku limenelo Exildah anayamba kuyang'anitsitsa mwana wake ngati mlendo. Akamuitana osayankha msanga, ankathamangira kukamuona. Akadandaula m'mimba, akagwetsa kapu, akagona masana, Exildah ankasiya zochapa ndi kukamugwira pamphumi. Anali atamva za ana ena a m'Kasanda amene amaiwala zimene aphunzira dzulo. Pa Misa ankagwada, koma m'maso mwake munkangobwera manja ake omwe, akusenda dzira, kuliuzira kuti lizizire, kuliika m'kamwa mwa mwana.

"Tiziphe zonse," anatero Philimon.

"Adye ndani? Inu? Kapena tipatse ana a eni?"



"Ndiponso si zathu," anawonjezera Exildah.

Choncho m'mawa uliwonse ankatola mazira akadali ofunda ndi kukawaponya m'chimbudzi. Tukiya ankamutsatira akulira, "Amama, dzira langa!" Iye sankacheuka.

Philimon anatolera zidutswa za zitsulo nawotcherera khola la miyendo italiitali, pansi pake pa matabwa. Kumudzi khola lotere amamangira kuthawa vumbwe. Kuno anamangira kuthawa nthaka. Nkhuku zinalira masiku ambiri, zikusuzumira pansi pomwe zinazolowera. Exildah anayamba kuzipatsa gaga ndi masamba m'mbale. Dimba analisiya. Repu anamubzala m'masaka, m'dothi limene Philimon ankabweretsa panjinga kuchokera kwa mnzake ku Mulungushi. Mbozi ankazitola ndi zala.

Mvula inachedwa chaka chimenecho. Mitambo inkasonkhana masana, mphepo nkuibalalitsa, fumbi nkudzukanso. Itagwa mu Disembala, fungo la dothi lonyowa, lomwe kumudzi linkamusangalatsa, kuno silinamusangalatse. Anabereka Tukiya, ngakhale anali wamkulu woyenda yekha, napita kuchipatala.

Anadikira akupinda ndi kupindula nsonga ya chitenje.

"Watsika," anatero nesi uja. "Pang'ono. Musasangalale msanga, sizinathe. Muzibwera naye."

Exildah anagwedeza mutu. Ali panja, anaberekanso Tukiya nabwerera kunyumba.

Sabata lomwelo thadzi lamawanga lija linayamba kufungatira. Exildah anachotsa mazira ake naikapo ena, ochokera ku Mulungushi. Thadzilo silinakane. Anapiye amenewa akadzakula, osapondapo nthaka ya Kasanda, ndiwo adzaikire mazira a Tukiya.

Mazirawo anaswa pamene chimanga cha anansi chinali chitafika m'maondo. Exildah anatulutsa kamwanapiye kamodzi, kachikasu, nakaika m'manja mwa mwini wake. Tukiya anaseka, nawerama kuti akaone kakuyenda.

"Osati pansi!"

Mawuwo anatuluka mwamphamvu mpaka anansi anasuzumira pampanda. Exildah anali atawanyamula kale onse awiri, mwana ndi kamwanapiye, ndipo anaimirira nawo pakati pa bwalo lonyowa, osadziwa pomwe angawatsitse.