Makutu obwereka

Pamsewu wathu amawatcha a Dzanjalimodzi, ngakhale manja ali nawo onse awiri. Shopu yawo yokonzera maampulifaya a gitala inagundana ndi yanga ya utelala. Ine pakamwa sipachedwa kuyabwa, choncho tsiku lina ndinawafunsa chifukwa chake amagwira ntchito dzanja lina lili m'thumba ngati bwana.

"Achemwali, chinthuchi chimasunga magetsi ngakhale mutazula pulagi," anatero. "Mukalowetsamo manja onse, magetsi amalowera uku n'kutulukira uku, kudutsira pamtima. Ine mtima ndili nawo umodzi wokha."

Kuyambira pamenepo ndinkangokhalira kusuzumira. Kumbuyo kwa ampulifaya kumakhala timababu tagalasi toyaka mofiirira, totchedwa mavalavu. Limodzi likatha, gitala imayamba kusasa mawu. Iwo amayatsa ampulifaya n'kumagogoda valavu lililonse ndi kamtengo, ndipo lakuthalo limalira m'sipikala ngati supuni yagunda kapu. Ntchito yonse yagona pa khutu.

Ndiye chaka chino moni wanga anayamba kubwerera wosayankhidwa. Ndinati mdalayu wayamba matama, mpaka tsiku lomwe woimba wina wandevu za imvi anabweretsa ampulifaya yake. A Dzanjalimodzi anagogoda mavalavu onse. Lapakati linalira ngwee, ine n'kulimva ndili pamakina anga, koma iwo analidutsa. Anabwereza, n'kulidutsanso. Oimba sasunga nkhani, ndipo akamva zoti wokonza wagontha, shopu imeneyo yatha.

Woimbayo atatuluka kukayankha foni, ndinalowa msanga.

"Bambo, ndi lapakatilo."

Anayang'ana milomo yanga, osati maso. "Mwalimva?"

Ndinagwedeza mutu movomera. Anazimitsa ampulifaya, kuzula pulagi, n'kudikira kuti galasi lizizire. Magetsi otsalira anawatulutsa ndi kawaya kawo, n'kuyeza ndi mita kuti atsimikize. Kenako anagwira valavulo m'munsi ndi kansalu, n'kumaligwedeza pang'onopang'ono ngati dzino la mwana mpaka linazuka. Latsopano analiyang'ana timiyendo kaye, kuti kalikonse kalowe pabowo pake popanda kukakamiza. Manja amenewo sanaiwale kanthu, ndipo zinandipweteka kuwaona.

Woimba uja atabwera analumikiza gitala n'kuyamba kuimba. Mawu anatuluka oyera, onona, moti mwiniwake anatseka maso. A Dzanjalimodzi anandiweramira kukhutu kuti andinong'oneze. Koma munthu amene sadzimva sadziwa kukula kwa mawu ake, ndipo zimene ananena zinamveka mpaka pakhomo.

"Achemwali, musandinamize. Ikumveka bwanji? Ine sindikumva chilichonse."

Gitala inaleka. Ndinalakalaka pansi patang'ambika. Iwo anaona nkhope ya woimbayo, kenako yanga, ndipo anadziwa zomwe zachitika. Anayamba kupukuta tebulo loyera kale.

Woimbayo anaimirira gitala ili pakhosi. Ndinati basi, akunyamula katundu wake. Koma anagwira dzanja la a Dzanjalimodzi n'kuliika pansalu ya sipikala, n'kukweza voliyumu mpaka masikuluwu a patebulo anayamba kuvina. Anakhwatcha nsambo yaikulu, n'kuisiya ilire.

"Mdala, mwaimva?" anakuwa.

A Dzanjalimodzi sanachotse dzanja. "Kodi ikumveka chonchi?" anatero, misozi ili chuchuchu. "Musaleke, achimwene. Bwerezani."