Buku Silibwerera Chimanjamanja

Ku mishoni kwathu kunali kabati imodzi ya mabuku, miyendo yake yoviikidwa m'zitini za palafini kuopa chiswe. Ine, mtsikana wa ku Zingalume wa Sitandade 4, ndinkaikonda kabatiyo kuposa Misa, Mulungu andikhululukire. Wansembe wachizungu amene ankasunga kiyi anali ndi lamulo limodzi: wowononga buku sadzabwerekanso. Pa lamulo limeneli sankaseka ndi munthu.

Chaka china nthawi yokolola anandibwereka buku la Chingerezi la ndakatulo za mitundu yambiri: Amwenye, Matchaina, Aluya ndi ena oti dziko lawo sindinkalidziwa n'komwe. Masana tikamaswa nshawa pakhonde ndinkawerengera amayi, n'kumawamasulira. Pomwe Chingerezi chandikanika ndinkangopeka, nanga akanandigwira ndani? Amayi sanapondeko m'kalasi, koma khutu anali nalo. Ndakatulo ina ya mkazi wodikira mwamuna wake anandibwerezetsa katatu.

"Kani nawonso amuna awo amapita kumigodi?" anatero. "Iii, n'kulikonse eti!"

Lamlungu lobweza bukulo amayi anandimangira okha pakansalu. Ndinasenza kamtoloko njira yonse, dzuwa likuswa mtengo. Nditamasula pamaso pa wansembe, nshawa zokazinga zinangoti mbwee patebulo. Amayi anali atazimangira pamodzi ndi buku, zina atazilowetsa mkati mwenimweni. Masamba anali madontho a mafuta okhaokha.

Ndinadziwa kuti kabati ija yanditsekekera mpaka kalekale. Amayi anali panja kudikira Misa, ndipo wansembe anawaitanitsa.

"Amayi, mwandipha!" ndinatero, misozi ili m'maso. Pakamwa ndinali napo kuyambira kale.

"Ndakupha chiyani iwe?" Kenako anagwada n'kutembenukira kwa wansembe. "Bambo, kwathu kuno mbale ikabwera ndi chakudya sitiibweza yopanda kanthu. Buku lanuli tadya mwezi wathunthu. Ndiye libwerere chimanjamanja, ngati ndife anthu osaleredwa?"

Wansembe anayang'ana buku, anayang'ana amayi. Kenako anatola nshawa imodzi n'kuponya m'kamwa. Anaseka mpaka ndevu kugwedezeka.

"Mayi, mwandigonjetsa," anatero. "Koma nshawa muzindipatsira pambali. M'kabati muno mumalowa mawu. Mwanayu akafuna buku lina, abwere ndi mawu a kwanu."

Anandipatsa kope ndi pensulo. Chilimwe chonse ndinkatsatira azimayi kumtondo, kudambo, kulikonse, kulemba nyimbo: zosinjira chimanga, zotonthoza mwana, zonyogodola apongozi aumbombo. Poyamba ankandithamangitsa, ati ndikuthawa ntchito, ndipo sankanama. Posakhalitsa anayamba kundilimbirana. "Yanga walemba? Tawerenga timve!" Ndikaphonya liwu limodzi ankandikuwiza. Za kuchinamwali zokha amayi anakaniza kwamtuwagalu. "Zimenezo si za m'kabati," anatero, ndipo sindinatsutse.

Kope litadzaza ndinalitengera kumishoni. Wansembe analiwerenga sabata imodzi, n'kulisokerera chikuto cholimba, n'kulemba nambala pamsana. Analiika pafupi ndi buku la mafuta lija. Nditapitakonso, anandipatsa kiyi kuti nditsegule ndekha, ndisankhe buku lomwe ndikufuna. Ndinasankha awiri, sanandiletse. Chimwemwe cha tsiku limenelo ndimachimvabe mpaka lero.

Amayi anabwera nawo. Anapukuta manja pachitenje kawiri asanakhudze kope lija.

"Yanga ili pati?"

Ndinawasonyeza nyimbo yawo yodikira atate, amene anali kumigodi chaka chachitatu. Anaikapo chala, chala chokhakhala ndi khasu.

"Ndiye ine ndili muno, pakati pa Amwenye ndi Matchaina?"

"Inde, amayi."

Analibweza okha pamalo pake, mosamala ngati akuika dzira. Atafika pakhomo anacheuka.

"Bambo, wodzabwereka limenelo mumuuze. Lisadzabwere chimanjamanja."